Mbuzi ya kwa Dotolo Lino

Madotolo onse amene Lurdinha anawalembera anangoti zii, kupatula awiri. Sindikunena madotolo a jekiseni ayi, koma a mabuku, aja ophunzitsa ku yunivesite. Munthu sungayambe maphunziro a mesitiradu, digiri yachiwiri ija, popanda mmodzi wa iwo kukulembera kalata yoti, "Uyu ndamulandira, kafukufuku wake ndidzayang'anira ndine." Popanda kalata imeneyo mapepala ako onse ndi okulungira mandasi. Tsiku lotsiriza kupereka mapepala linali Lachisanu, ndipo Lurdinha kalatayo analibe.

Kwawo kunali kumudzi wina pafupi ndi Massangulo. Anaphunzira zaulimi, ndipo tsopano ankaphunzitsa mongogwirizira pa sukulu ina ku Mandimba. Funso limene ankafuna kufufuza analitola m'nkhokwe ya mayi ake, a Luciya. Amayi a kwawoko akakolola amawaza zinyenyeswa za fodya, zotsala pogulitsa, pakati pa chimanga kuti anankafumbwe asalowe. Lurdinha ankafuna kudziwa ngati fodyayo amaphadi anankafumbwe, ndiponso ngati sapweteka pang'onopang'ono anthu odya ufawo.

Yankho loyamba linachokera kwa Dotolo Lino wa ku Cuamba. "Mwana wanga, nkhani zikuluzikulu sitikambirana pa telefoni. Ubwere kunyumba Lachitatu." Za anankafumbwe sanatchuleko n'komwe.

Lachiwiri linachokera ku Nampula, kwa Dotolo Prisca, mayi amene Lurdinha anali asanamuonepo. Munalibe ngakhale moni. "Nkhokwe zimene waziona ndi maso ako ndi za mabanja angati? Ukudziwa bwanji kuti chikuthamangitsa tizilombo ndi fodya, osati kuuma kwa chimanga? Ukapeza kuti fodyayo akupweteka anthu, udzawauza mayi ako? Undiyankhe Lachinayi lisanathe. Sindikulonjeza kanthu."

Kulakwa kwa Lurdinha kunali kuwerenga mayankho awiriwa mokweza pa khonde la mayi ake Loweruka masana, malume ake a Matias ali pomwepo akumanga ndindi za fodya. A Matias anali nkhoswe wotchuka m'dera lonselo. Maukwati ambiri amene anamanga anatha kalekale, koma iwo ankakumbukira tsiku lomanga lokha. Kwa iwo nkhani iliyonse ya pansi pano, kaya ya munda, kaya ya chipatala, inkatha ngati munthu apeza womulankhulira wabwino ndi chiweto chonenepa.

"Wa ku Nampulayo musiye," anatero a Matias osatukula mutu. "Munthu wokufunsa mafunso asanakupatse moni wakana kale. Ndafunsirapo akazi ambiri ine, ndikudziwa. Ndipo akutchuliranji mayi ako? Chipongwe chimenecho."

"Koma malume, wawerenga zimene ndinalemba. Winayu sanawerenge."

"Winayu ndi munthu woleredwa. Wakuitana kunyumba. Koma iwenso unayamba molakwa. Mwana salankhula yekha ndi munthu wamkulu, ndiponso pa telefoni, ngati ukuitanitsa njinga ya kabaza. Mwamwayi wakukhululukira. Lachitatu ndikakulankhulira ndine." Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achemwali, kwa munthu wotere sitipita chimanjamanja. Tipatseni mbuzi."

A Luciya anali ndi mbuzi ziwiri, tonde wonunkha ndi yaikazi yofiira. Ananena chapansipansi kuti yaikaziyo ili ndi bere.

"Ndiye bwino kwambiri," anatero a Matias. "Dotolo akaweta, ikaswa, nthawi iliyonse akamaona tiana azikumbukira mwana wanu. Kupatsa n'kuika."

Lurdinha anayang'ana mayi ake kuti akane. A Luciya anangopukuta manja pa chitenje n'kupita kukafuna chingwe. Lurdinha nayenso sanakane. Lachisanu linali pafupi, ndipo mantha amaphunzitsa munthu ulemu wambiri.

Lachitatu anadzuka m'mawa, nakwera chapa, minibasi ya kumeneko, mpaka ku Mandimba, n'kusintha ina yopita ku Cuamba. Mbuzi anaimangirira padenga, pakati pa matumba a nyemba ndi matiresi a munthu wina. Inalira njira yonse. Dzuwa litakwera inakodza, mkodzo n'kutsetsereka pa zenera mpaka pa phewa la bulauzi yoyera imene Lurdinha anasita ndi makala dzulo lake. Mayi wina wokhala kumbuyo anatsonya n'kunena mawu m'Chiyao amene anaseketsa chapa yonse. A Matias sanamve fungo lililonse. Anali otanganidwa ndi malangizo.

"Ukagwade. Maso pansi. Akakufunsa kanthu ndiyankha ndine. Nzeru zako za m'mabukuzo uzisiye pa geti."

"Nanga akafuna kumva za kafukufuku wanga?"

"Kodi mkwatibwi amafotokoza yekha mmene amaphikira?"

Lurdinha anatulutsa mutu pa zenera. Sanadziwe chimene chinkamuchititsa mseru kwambiri, mkodzo wa mbuzi kapena mawu amenewo.

Nyumba ya Dotolo Lino inali kumapeto kwa tauni, mkati mwa mpanda wa njerwa wokhala ndi magalasi osweka pamwamba. Geti anatsegula mtsikana wina wa msinkhu wa Lurdinha, manja ali thovu lokhalokha, chifukwa ankatsuka galimoto. Anayang'ana mbuzi, nayang'ana Lurdinha, ndipo m'maso mwake munalibe kudabwa. Analandira chingwe ngati munthu wolandira chenji n'kukokera mbuziyo kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunkamveka mbuzi zina, nkhuku ndi abakha.

Dotolo anali pa khonde, atavala kabudula ndi vesiti yosakwanira mimba. Phazi limodzi analisanjika pa mpando, akuwenga zikhadabo ndi lezala. Pansi pa phazilo anayalapo mapepala kuti zikhadabo zisagwere pa simenti. Lurdinha pogwada anaona kuti mapepalawo ndi ntchito ya wophunzira wina, yolembedwa pa makina, dzina ndi mutu wa kafukufuku zili pamwamba. Chikhadabo chachikasu cha chala chachikulu chinagwera pa dzina penipeni.

"Bondiya, senyolo dotolo," anatero a Matias popereka moni wa Chipwitikizi, akuwomba m'manja mofatsa, chipewa chili m'khwapa. Anatchula mudzi wawo, mfunda wawo, dzina la mishoni imene anabatizidwirako. Anafunsa za moyo wa dotolo, wa amayi a kunyumba, wa ana, ngakhale wa galimoto ija. Atatha zonsezo anayamba ntchito imene anabwerera, ndi mawu omwe aja amene ankanena popereka mtsikana kwa apongozi.

"Bwana, takubweretserani mwana. Mwana ameneyu sadziwa kanthu. Mutu wake ndi wouma, manja ake ndi aulesi. Ife tinalephera kumulera, ndiye tamubweretsa kwa inu. Akalakwa mulangeni, musatifunse. Mukamutuma apite. Kuyambira lero si wathunso, ndi wanu."

Kumudzi mawu otere aliyense amadziwa kuti ndi mwambo chabe. Apongozi amayankha kuti, "Ayi, mwana ndi wabwino, tamuona," nkhani n'kuthera pomwepo. Lurdinha anadikira yankho limenelo. Dotolo Lino anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, akumwetulira, ngati wogula amene wamva mtengo womukomera.

"Bambo, inu mwalankhula," anatero. "Ana a masiku ano amandilembera pa telefoni ngati ndine mnzawo. Wina amabwera ndi maganizo ake okonzeratu, ati ndikufuna kufufuza chakuti. Iwe ndani? Koma uyu ndikuona kuti ali ndi makolo."

Lurdinha anatukula mutu. Mawondo ankamuwawa pa simenti yotentha. "Dotolo, pa imelo paja ndinalemba za fodya amene amayi amathira m'nkhokwe. Ndayendera kale mabanja a ku Ngauma, ndipo ndaona kuti anankafumbwe..."

A Matias anatsokomola mwamphamvu, namuponda chala ndi chidendene cha nsapato.

"Anankafumbwe," anatero dotolo, akuseka mpaka mimba kugwedezeka. "Mutu wa kafukufuku ndimapereka ndine, mwana wanga. Pali kampani ina ya soya ku Lúrio imene yandipatsa ntchito yoyeza minda yake. Ukayamba kumeneko. Loweruka uzibwera kuno, pamakhala tintchito."

Anapukuta lezala pa kabudula, naitana mtsikana uja kuti abweretse chikwama. M'chikwamamo munali mulu wa makalata olembedwa kale, chidindo chili pomwepo, malo a dzina okha ali opanda kanthu. Anasolola imodzi, natembenukira kwa a Matias.

"Dzina lake ndani?"

Lurdinha anali pomwepo, pafupi moti akanatha kumugwira bondo. A Matias anatchula dzina lonse, dotolo n'kulemba ndi dzanja lomwe lija linkagwira phazi. Anasaina, napereka kalatayo kwa a Matias. Iwo anailandira ndi manja awiri.

Kalata imene Lurdinha anaisowera tulo miyezi yonseyi inatuluka mosavuta choncho. Anayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma anangomva kunyansidwa, ngati wameza ntchentche m'thobwa.

"Puronto, zatha," anatero dotolo. "Tsopano pita kuseri ukathandize Élio. Mwana wa nyumba ino amayamba wadziwa kumene kuli khitchini. Ife akuluakulu ticheze."

Kuseri kwa nyumba kunali khola lalikulu, matumba a chimanga osanjikizana pansi pa lona, ndi mtengo wa mango. Pa nthambi ya mangoyo panalendewera mbuzi yofiira ya mayi ake, mutu uli pansi, chikopa chitasendedwa kale mpaka m'chiuno. Chingwe cha a Luciya chinali chikadali m'khosi. Agalu awiri anakhala chapafupi, malilime ali panja.

Wosendayo anali bambo wa dazi loyamba kumene, atavala malaya odontha magazi. Atatembenuka, Lurdinha anamuzindikira. Chaka chimene iye ankayamba digiri yoyamba, Élio ameneyu ndiye ankatsiriza, ndipo ndiye anasankhidwa kulankhula m'malo mwa ophunzira onse pa tsiku la chikondwerero. Anyamata ankakopera kayendedwe kake. Aphunzitsi ankati ameneyu adzafika kutali.

"Mwaipha," anatero Lurdinha.

"Madzulo kubwera alendo a kampani," anatero Élio. "Ndinawauza amayi a nyumba ino kuti ili ndi bere. Akuti alendo awo sadya nyemba." Analoza beseni ndi mpeni. "Gwira apa, mlongo. Ndiwe watsopano eti? Uzolowera."

Anang'amba mimba. Matumbo anakhuthukira m'beseni ndi nthunzi yake, ndipo pamodzi nawo panatuluka thumba lotuwa. Élio analiboola ndi nsonga ya mpeni. Munali tiana tiwiri, tonyowa, taubweya kale, tiziboda tili tofewa ngati phala. Anatinyamula miyendo n'kuponyera agalu, napukuta manja pa malaya.

Lurdinha anathamangira kuseri kwa khola nasanza tiyi yense wa m'mawa. Atabwerako, Élio anamupatsa madzi m'kapu ya pulasitiki imene inali ndi chidindo cha chala cha magazi.

"Achimwene Élio, mesitiradu munatsiriza liti?"

"Ndili pafupi."

"Munayamba liti?"

Élio anaseka, koma maso sanaseke nawo. "Mwana wanga woyamba anabadwa chaka chimene ndinayamba. Pano ali ku sukulu, akudziwa kuwerenga. Dotolo akuti ntchito yanga yatsala pang'ono, angoyenera kupeza nthawi yoiwerenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lurdinha anakumbukira mapepala a pa khonde aja, ndi chikhadabo chachikasu pa dzina. Dzinalo analiwerenga bwinobwino pogwada paja. Linali la Élio, koma m'malo momuuza anamufunsa funso lina.

"Munkafufuza chiyani?"

Élio anaima, mpeni uli m'manja. Agalu anamaliza kudya n'kubwereranso iye akuyesabe kukumbukira. "Za nthaka," anatero. "Nthaka ya m'madimba. Panali funso lake labwino ndithu." Anakanda dazi ndi mkono. "Dotolo anandisinthira mutu kawiri. Ine ndinabwera ndi atate anga ndi nkhosa. Iweyo mbuzi eti? Uja wotsuka galimoto anabwera ndi abakha."

Pomwepo a Matias anatulukira pa ngodya ya nyumba kudzamuitana. Anaona mbuzi pa mtengo, anaona agalu akunyambita pakamwa. Nkhope yawo inagwa kanthawi kochepa, kenaka anaikonza msanga ngati munthu wokonza chipewa.

"Tiye, chapa ingatisiye. Ukatsanzike mogwada."

Lurdinha anadutsa pa khonde ali chiimire. Dotolo sanaone n'komwe. Anali atayamba phazi lachiwiri.

Pokwerera chapa panali fumbi ndi ntchentche. Ya ku Mandimba inali isanadzaze, ndiye anakhala pa benchi pansi pa mthunzi wa sitolo ina. A Matias anagula jumbo yatsopano, naikamo kalata ija mosamala, n'kuilowetsa m'thumba la mkati la jekete. Chimwemwe chinali chitabwerera.

"Waona? Miyezi yonse ija ukugogoda pa telefoni, ine m'mawa umodzi basi. Sukulu ndi sukulu, koma mwambo ndi mwambo."

"Sanandifunse funso ngakhale limodzi, malume."

"Ndiye ulemu umenewo. Anakhulupirira mawu anga."

"Mawu anu oti sindidziwa kanthu."

"Iwe, aja ndi mawu a pakhomo. Aliyense amadziwa."

"Iye sanadziwe. Kapena anadziwa, n'kuwakonda momwemo. Munamuona bambo wosenda mbuzi uja? Anali wanzeru kuposa tonse pa sukulu pathu. Atate ake anamulankhuliranso bwino ngati inu."

A Matias anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Za eni ake zisiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kalata ili m'thumba. Wa ku Nampula uja wakupatsa chiyani? Mafunso." Anasendera pafupi natsitsa mawu. "Koma tamvera. Tikafika, amayi ako ukawauze kuti mbuzi yawo ili bwino, ikudya msipu kwa dotolo. Asamve za zijazi. Mtima wawo ndi wofooka, ndipo zawathandiza chiyani kudziwa?"

Lurdinha anawayang'ana. Ankawakonda malume akewa. Ndi iwo amene ankamunyamula pa njinga kupita naye ku sukulu ya mishoni mitsinje ikadzaza. Koma tsiku limenelo ananyansidwa nawo, ananyansidwa ndi dotolo, ndipo koposa onse ananyansidwa ndi mawondo ake omwe, amene anali akadali ndi fumbi la khonde lija.

Anatulutsa telefoni natsegula uthenga wa Dotolo Prisca. Unali wouma monga momwe unalili Loweruka, wopanda moni, wopanda lonjezo. Mayiyo akanatha kuwerenga mayankho ake n'kukana, Lachisanu n'kudutsa, chaka chonse n'kupita, Lurdinha n'kubwerera ku choko cha ku Mandimba. Zimenezo ankazidziwa bwino. Anayamba kulemba ndi zala zonunkhabe matumbo. Funso loyamba analiyankha mosavuta. Lachiwiri anavomera kuti sakudziwa, nafotokoza mmene angayesere, nkhokwe ina yothira fodya, ina yosathira, chimanga chouma mofanana.

"Ukulembera yani?" anafunsa a Matias.

"Wachipongwe uja."

"Wapenga? Nanga kalata iyi?" Anagunda pa chifuwa pamene panali jumbo.

"Isungeni, malume. Ndi yanu. Amene walandiridwa kuja ndinu, ine sanandione."

A Matias anayamba kung'ung'udza za mbuzi yopita pachabe, za ana osayamika, za manyazi amene adzawagwere dotolo akadzafunsa. Wotolera ndalama wa chapa anayamba kukuwa kuti malo atsala awiri.

Panatsala funso lachitatu. Lurdinha analiwerenganso. Ukapeza kuti fodyayo akupweteka anthu, udzawauza mayi ako? Loweruka lija funsoli linamupweteka ngati mwano. Analemba kuti, "Inde, ndidzawauza," natumiza uthengawo asanasinthe maganizo.

Kenaka anafufuza nambala ya mayi ake. A Matias ataona dzina pa galasi la telefoni anamugwira mkono.

"Lurdinha, mwana wa mlongo wanga, usatero."

Telefoni inali itayamba kale kuitana. A Luciya anayankha msanga, ngati munthu amene wakhala tsiku lonse ali nayo m'manja.

"Mwayenda bwanji, mwanangu? Dotolo wakulandira? Nanga mbuzi ija yafika bwino ndi dzuwa limeneli? Muwauze aziipatsa madzi pafupipafupi, yatsala pang'ono kuswa."

Lurdinha anachotsa dzanja la malume ake pa mkono wake, mofatsa.

"Amayi," anatero, "pezani pokhala kaye, ndikuuzeni zonse."